Nyerere za mu Nkhuyu Zichita Apilo

Pakati pa miyambi imene akuluakulu akale anasiya, ndi yochepa imene yagwira ntchito yakalavulagaga ngati uwu wakuti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, pakuti wakhala ukutumidwa kukachenjeza anyamata ofunsira mbeta poona nkhope yokha, ogula galimoto yakale poona utoto, ndiponso ovota amene amakopeka ndi nsalu za nyengo ya kampeni. Chiphunzitso chake palibe munthu wanzeru amene angachitsutse, chifukwa aliyense anakumanapo ndi chinthu chosalala kunja koma chovunda mkati. Komabe mwambiwu uli ndi mbali ina imene siunikidwa kawirikawiri, ndiyo yakuti nyerere zinagamulidwa kuti n'zolakwa zisanapatsidwe mpata woyankhapo, ndipo sayansi ya zaka zaposachedwa yasonkhanitsa umboni wokwanira kuti mlanduwo uzengedwenso.

Akatswiri a zomera amafotokoza kuti nkhuyu ndi kathumba kamene maluwa ake mazanamazana amamera mkati moyang'anizana, kotero kuti njuchi ngakhale mphepo sizingawafikire. Mungu, womwe ndi ufa wa m'maluwa umene umachititsa kuti mbewu ibereke, umalowetsedwa ndi timavu ting'onoting'ono kwambiri, ndipo kavu kakakazi kamadzipanikiza pa kabowo ka kunsonga kwa nkhuyu mpaka mapiko kuthothoka, n'kuikira mazira mkatimo, n'kuferamo. Nyerere zenizeni zimalowadi mu nkhuyu zakupsa, popeza nyerere sizidikira kuitanidwa pamene pali zotsekemera, koma tizilombo tambiri timene munthu amationa akang'amba nkhuyu ya kutchire ndi ana a timavuti, ndipo popanda timavuti mtengowo sungabereke njere zomera. Wotola nkhuyu amene analavula n'kupeka mwambi ankanyoza, mosadziwa, amene anamuphikira.

Munthu naye ndi nkhuyu, ngakhale kuti sakonda kuuzidwa. M'chaka cha 2016 akatswiri atatu, Ron Sender, Shai Fuchs ndi Ron Milo, anawerengetsa kuti mwamuna wolemera makilogalamu 70 amanyamula mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, pamene maselo a thupi lake lenilenilo, tizigawo timene timamanga mnofu, magazi ndi mafupa, ndi pafupifupi 30 thiriliyoni. Mabakiteriya ndi tizamoyo ta selo limodzi tosaoneka ndi maso, ndipo ochuluka mwa iwo amakhala m'matumbo aakulu, onse pamodzi n'kumalemera pafupifupi magalamu 200. Choncho bwana wa suti yamtengo wapatali, amene amalankhula pa msonkhano ngati kuti ali yekha, akanati aitanitse chisankho m'thupi mwake akanagonja, ndipo ngakhale mkwatibwi wovala zoyera mbee amalowa m'tchalitchi ndi khamu la alendo amene komiti ya zakudya sinawawerengere.

Ntchito ya alendowa imaonekera bwino pa gulu la zinthu za m'zomera zotchedwa mapolifenolo, zimene mitundu yake yodziwika ndi yoposa 8,000. Zomera sizipanga zinthuzi chifukwa chokonda anthu, koma pofuna kudziteteza ku cheza cha dzuwa, ku nkhungu, ku tizilombo toboola, ndi ku pakamwa pa aliyense wofuna kuzidya zisanakhwime. Matanini, amene amamata lilime munthu akaluma nthochi yosapsa, ndi amene amachititsa kuti mbalame zizipewa mitundu ina ya mapira ofiira. Maantosayanini ndi amene amafiiritsa chidede ndi kudetsa khungu la nyemba zakuda. Makatekini amapezeka mu tiyi ndi mu koko, pamene khofi ali ndi asidi wotchedwa kulorojeniki, soya ali ndi maisofulavoni, ndipo gaga wa chimanga ali ndi asidi wa feruliki wochuluka. Zambiri mwa izi ndi zida zankhondo za mbewu, ndipo n'zodabwitsa kuti munthu, amene zidazo zinasulidwira kuti zimuthamangitse pamodzi ndi mbuzi, wafika poziyitanitsa pa intaneti.

Mbiri ya maudindo amene mapolifenolo akhala akupatsidwa ndi kulandidwa ndi yomvetsa chisoni. M'chaka cha 1936 Albert Szent-Györgyi wa ku Hungary, yemwe chaka chotsatira analandira mphoto ya Nobel pa kafukufuku wokhudzanso vitamini C, ananena kuti gulu lina la zinthuzi liyenera kutchedwa vitamini P, koma pofika 1950 akatswiri anagwirizana kuti dzinalo lichotsedwe, popeza panalibe matenda amene ankaoneka mwa munthu chifukwa chosowa vitamini ameneyo. Pambuyo pake zinalongedwa ufumu wina, wa zoteteza maselo ku dzimbiri la mpweya wa okosijeni, zimene amalonda amazitchula monyadira kuti antioxidants, ndipo unduna wa zamalimidwe wa dziko la United States unafika posindikiza mndandanda woonetsa mphamvu imeneyi m'zakudya zosiyanasiyana. M'chaka cha 2012 undunawo unachotsa mndandandawo, n'kunena kuti zimene zimachitika m'kabotolo ka mu labotale sizisonyeza zimene zimachitika m'thupi la munthu, komanso kuti makampani ankagwiritsa ntchito manambalawo molakwika potsatsa malonda. Amalonda ambiri, mwina chifukwa chotanganidwa, uthenga umenewu sanaulandirebe.

Chifukwa chimene labotale ndi thupi zimasiyanirana chili pa ulendo wa chakudya. Matumbo aang'ono, amene amayamwa shuga, mafuta ndi zomanga thupi mosanyinyirika, amangolandira magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse a mapolifenolo amene munthu wadya, chifukwa ambiri ndi aakulu kwambiri, ena ndi omangirizidwa ku timashuga, ndipo ena ndi omatirira ku ulusi wa m'zomera umene thupi silingathe kugaya. Otsalawo amatsetsereka mpaka m'matumbo aakulu, kumalo kumene anthu aulemu sakutchula pa nthawi ya chakudya, ndipo kumeneko ndi kumene mabakiteriya amawadula timashuga, kuwamasula ku ulusi ndi kuwaphwanya kukhala tizidutswa ting'onoting'ono timene tingathe kudutsa khoma la matumbo. Zimene zimayenda m'magazi a munthu amene wamwa tiyi, kwakukulukulu, si zimene zinali m'kapu, koma zimene nyerere zake, mabakiteriya aja, zasula kuchokera ku zimene zinali m'kapumo.

Magazi ochokera m'matumbo sapita kumtima mwachindunji, koma amasonkhana mu mtsempha waukulu umodzi wopita kuchiwindi, ndipo mtsempha umenewu umapereka pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magazi onse olowa m'chiwalochi. Chiwindi, chomwe mwa munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, chili ngati ofesi ya pamalire a dziko imene siwerenga zotsatsa malonda, pakuti chikaona polifenolo, kaya wachokera mu thobwa kaya m'botolo la ku America, chimamutenga ngati mlendo wokayikitsa, n'kumumata chidindo cha asidi wa gulukuroniki kapena cha salufeti, chimene chimamuchititsa kusungunuka m'madzi kuti atuluke msanga kudzera mu mkodzo kapena mu ndulu. Amene atulutsidwa ndi ndulu amabwerera m'matumbo, kumene mabakiteriya ena ali ndi luso lomatula chidindocho, kotero kuti mlendo wothamangitsidwa m'mawa akhoza kupezekanso pachipata masana. Akatswiri ambiri tsopano akuganiza kuti gawo lina la ubwino wa mapolifenolo limachokera pa kusakhulupiriridwa kumeneku, popeza kusokoneza pang'ono kumene amabweretsa kumadzutsa njira za maselo zodzitetezera, ndipo njirazo zikadzuka zimagwiranso adani enieni.

Popeza aliyense ali ndi mtundu wake wa nyerere, anthu awiri odyera mbale imodzi sapindula mofanana, ndipo chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha soya. Mabakiteriya ena amasandutsa isofulavoni wotchedwa daidzein kukhala chinthu champhamvu kuposa iye chotchedwa equol, chimene chinapezeka koyamba mu 1932 mu mkodzo wa mahatchi aakazi a bere, koma si munthu aliyense amene ali ndi mabakiteriya otere: ku Europe ndi ku North America ndi anthu pafupifupi 25 mpaka 30 pa 100 alionse amene amapanga equol, pamene ku Japan, Korea ndi China chiwerengerocho chimafika 50 mpaka 60. Chimodzimodzinso ndi makangaza, masitiroberi ndi mtedza wa walnut, zimene zili ndi matanini amene mabakiteriya amawasandutsa maurolitini. Ofufuza a mumzinda wa Murcia ku Spain, amene mu 2014 anafotokoza bakiteriya wotchedwa Gordonibacter urolithinfaciens yemwe amagwira gawo la ntchitoyi, anapeza kuti anthu amagawika m'magulu atatu malinga ndi zimene matumbo awo amatulutsa, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anthu 10 alionse sapanga urolitini aliyense. Munthu wotereyu akhoza kugula madzi a makangaza odula kwambiri mumzinda, koma ngati amisiri mulibe, wangogula chakumwa chokoma basi.

Mapolifenolo nawonso amasintha nyererezo, pakuti amalepheretsa mitundu ina ya mabakiteriya kuswana pamene ina amaipatsa malo, ndipo apa ndi pamene nkhani ya chiwindi ikufika pachimake. Khoma la mkati mwa matumbo ndi lopyapyala kwambiri, la mzere umodzi wa maselo, lokutidwa ndi madzi okhuthala oterera amene amaletsa mabakiteriya kuligunda. Munthu akamadya mafuta ndi shuga wambiri kwa nthawi yaitali, kapena akamamwa mowa mwauchidakwa, khomalo limayamba kuchucha, ndipo tizidutswa ta zikopa za mabakiteriya ena timalowa mu mtsempha uja n'kukafika kuchiwindi, kumene maselo olondera otchedwa a Kupffer amayambitsa kutupa kwa mkati kosamveka ululu. Kutupa kumeneku, pamodzi ndi mafuta ounjikana m'maselo, kukapitirira kwa zaka kumasiya zipsera zimene pamapeto pake zimaumitsa chiwindi. Kuunjikana kwa mafuta m'chiwindi kosachokera ku mowa, kumene mu 2023 akatswiri anakupatsa dzina latsopano lakuti MASLD, kukukhudza akuluakulu pafupifupi 30 pa 100 alionse padziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo akuyenda mosalala ngati nkhuyu ya mwambi uja. Ofufuza ali ndi chidwi ndi bakiteriya wotchedwa Akkermansia muciniphila, yemwe anapezeka mu 2004 ku yunivesite ya Wageningen ku Netherlands, ndipo amadya madzi oterera aja m'njira imene imaoneka kuti imalimbikitsa matumbo kupanga ena atsopano. M'chaka cha 2015 ofufuza a ku yunivesite ya Laval ku Quebec anadyetsa mbewa chakudya cha mafuta ndi shuga wambiri, zina n'kuziwonjezera mapolifenolo a zipatso zofiira zotchedwa cranberry, ndipo mbewa zowonjezeredwazo zinanenepa mochepa, mafuta a m'chiwindi mwawo anachepa, pamene Akkermansia anachuluka kwambiri.

Mawu ofunika pa zotsatira zimenezi ndi akuti mbewa. Palibe cholengedwa chimene chachiritsidwa matenda ambiri kuposa mbewa ya mu labotale, ndipo anthu amene amaidziwa mbewa ngati ndiwo ali ndi ufulu wofunsa ngati zimene zaikomera iyo ziyeneranso kuwakomera iwo. Umboni wa mwa anthu ulipo koma ndi wofatsa. Kafukufuku wa mu 2011 wa ku yunivesite ya Reading ku England anaonetsa kuti anthu 22 amene anamwa koko wokhala ndi mapolifenolo ochuluka kwa milungu inayi anachulukitsa mabakiteriya a mitundu ya Bifidobacterium ndi Lactobacillus, imene imaonedwa ngati yothandiza. Kafukufuku wambiri wotsatira anthu kwa zaka wapezanso kuti omwa khofi savutika kawirikawiri ndi kuuma kwa chiwindi poyerekeza ndi osamwa, ngakhale kuti kafukufuku wa mtundu umenewu amangoonetsa zinthu zoyendera limodzi, ndipo sangalumbire kuti chimodzi ndicho chachititsa chinzake.

Kufika apa nyerere zikuoneka kuti zapambana apilo, koma mwambiwo sunathe mphamvu, chifukwa chikomekome changosamuka kuchoka pa mtengo kupita pa botolo. Oyamba kusangalala anali akumwa. M'chaka cha 1992 Serge Renaud ndi Michel de Lorgeril analemba za chodabwitsa chakuti anthu a ku France ankadya mafuta a nyama ambiri koma sankafa kwambiri ndi matenda a mtima, ndipo vinyo wofiira anapatsidwa ulemu, makamaka polifenolo wake wotchedwa resveratrol. Mu 2006 kafukufuku wa gulu la David Sinclair ku Harvard anaonetsa kuti resveratrol anatalikitsa moyo wa mbewa zodyetsedwa mafuta ambiri, ndipo mu 2008 kampani ya GlaxoSmithKline inagula kampani ya Sirtris, yomwe inkafufuza nkhaniyi, pa mtengo wa madola 720 miliyoni, koma mu 2013 inatseka ofesi ya Sirtris ya ku Cambridge, Massachusetts, mankhwala asanafike pamsika. Masamu ake anali ovuta kuyambira pachiyambi, popeza munthu wofuna kupeza kuchokera mu vinyo mlingo umene mbewazo zinkalandira akanafunika kumwa malita mazanamazana tsiku lililonse, ndipo chiwindi chimene ankafuna kuchiteteza chikanatsanzika lisanathe tsiku loyamba.

Choopsa kwambiri ndi makapisozi a mapolifenolo ofinyidwa, amene amatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp ndi lonjezo lochepetsa mimba kapena lotsuka chiwindi, ngati kuti chiwalo chimene ntchito yake ndi kutsuka magazi chikudikira wina wochichapa. Tiyi wobiriwira womwedwa m'kapu amapatsa munthu wamba mamiligalamu 90 mpaka 300 patsiku a katekini wamkulu wotchedwa EGCG, ndipo amalowa pang'onopang'ono, ochuluka n'kupitirira kwa mabakiteriya. Kapisozi amathira zonse nthawi imodzi, ndipo akamezedwa m'mimba mopanda kanthu zambiri zimafika kuchiwindi zisanachepetsedwe mphamvu. Mu 2003 maiko a France ndi Spain analetsa mankhwala ochepetsa thupi otchedwa Exolise, opangidwa kuchokera ku tiyi wobiriwira, anthu ena atavulala chiwindi. Mu 2018 bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Europe, la EFSA, linanena kuti mamiligalamu 800 kapena kuposerapo a EGCG patsiku ochokera m'makapisozi amakweza zizindikiro za m'magazi zosonyeza kuvulala kwa chiwindi, ndipo mu 2022 European Union inakhazikitsa lamulo lakuti mlingo wa patsiku usafike pamenepo komanso kuti pa botolo pazilembedwa chenjezo loletsa kumwa munthu asanadye. Ku United States, gulu la zipatala lotsatira anthu ovulala chiwindi ndi mankhwala linapeza kuti gawo la ovulala chifukwa cha zitsamba ndi makapisozi owonjezera linakwera kuchoka pa 7 kufika pa 20 pa 100 pakati pa 2004 ndi 2013.

Nkhani ya turmeric, ufa wachikasu wothira mu ndiwo, ndiyo imaonetsa luntha la munthu pa kudzivulaza. Polifenolo wake, curcumin, salowa bwino m'magazi, chifukwa matumbo ndi chiwindi zimamumata chidindo chija mwachangu, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene anthu a ku India akhala akumudya kwa zaka mazanamazana popanda vuto. Mu 1998 ofufuza a ku Bangalore anaonetsa kuti piperine, chinthu cha mu tsabola wakuda, akawonjezeredwa pa curcumin amachulukitsa kulowa kwake m'magazi pafupifupi ka 20, ndipo amachita zimenezi polepheretsa kumata kwa chidindocho. Opanga makapisozi anaona mwayi, n'kuyamba kulemba pa mabotolo monyadira kuti katundu wawo amalowa bwino m'thupi, osafotokoza kuti walowa chifukwa oyang'anira pachipata amangidwa manja. Mu 2019 dziko la Italy linalengeza za anthu oposa 20 amene anadwala kutupa kwa chiwindi atamwa makapisozi a turmeric, ndipo ambiri mwa makapisoziwo anali a mtundu wolimbikitsidwa motero. Kafukufuku wa ku United States anadzapezanso kuti ambiri mwa ovulala ndi turmeric kumeneko anali ndi chizindikiro china cha mwachibadwa chotchedwa HLA-B*35:01, chimene wogula sangachione pagalasi ndipo wogulitsa sachifunsa.

M'Malawi chikomekomechi chili ndi nkhope yakeyake, ndipo yoyera kwambiri. Chimanga chikakonoledwa, kuviikidwa ndi kugayidwa kukhala ufa woyera, gaga amene ali ndi ulusi komanso asidi wa feruliki, yemwe mabakiteriya a m'matumbo aakulu amadziwa kumumasula, amapita kwa nkhumba ndi nkhuku, pamene mgaiwa umatsala ndi mbiri ya chakudya cha kusukulu yogonera konko ndi cha chaka cha njala. Madeya ena amabwerera kwa mwini wake kudzera njira yaitali, atawiritsidwa ndi shuga n'kutchezedwa kukhala kachasu, ndipo pa kutchezako mapolifenolo amatsala mumphika pamene mowa wokhawokha ndi umene umakapereka moni kuchiwindi. Banja limene lapatsa nkhumba zabwino za m'chimanga likhoza kupezeka likutumiza ndalama pa foni kugula botolo la makapisozi ochokera kunja, pamene thobwa wa mapira kapena mawere, nyemba, nandolo, khobwe, chidede, malambe, bwemba ndi ndiwo zamasamba zili pamsika wapafupi, ndipo tiyi wakhala akulimidwa ku Mulanje ndi ku Thyolo kwa zaka zoposa 100. Tiyi wakuda naye ali ndi mapolifenolo ake amene mabakiteriya amawaphwanya, ngakhale kuti ubwino wawo umavutika kusambira mu kapu imene yalandira masipuni asanu a shuga.

Zakudya za kumudzi nazo si zoyera mtima pa zonse. Matanini amagwira ayironi wa m'zomera n'kumulepheretsa kulowa m'thupi, monga anaonetsera ofufuza a ku Johannesburg mu 1975 pa nkhani ya tiyi, kotero kuti amayi oyembekezera, ana ndi onse ochepa magazi amachita bwino kumwa tiyi patadutsa ola limodzi chidyereni kusiyana ndi kutsitsira nsima. Palibenso polifenolo amene angafafanize chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino, chimene poizoni wake wa afulatokisini amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa munthu amene alinso ndi kachilombo ka hepatitis B. Chitetezo ku kachilombo kameneka ndi katemera, yemwe ku Malawi analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana mu 2002, ndipo akuluakulu obadwa chakacho chisanafike akhoza kuyezetsa magazi kuchipatala.

Owerenga amene ali kale ndi botolo la makapisozi a tiyi wobiriwira kapena a turmeric m'kabati, makamaka amene akumwanso ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, omwe ambiri mwa iwo amadutsa pa chiwindi chomwecho, ayenera kulionetsa kwa dokotala kapena kwa wazamankhwala asanapitirize. Amene waona kuti maso achita chikasu, mkodzo wada, khungu likuyabwa kapena nseru sikutha, asiye kumwa tsiku lomwelo ndipo apite kuchipatala atanyamula botololo, chifukwa dokotala adzafuna kuwerenga zimene zalembedwa kumbuyo kwake ndi zilembo zing'onozing'ono.